Ndinakafupa Gule wa Eni Ake

Bambo a Tadala ali ndi tepi ina yake ya vidiyo imene amaibisa pamwamba pa wadirobu, ndipo alendo akabwera kwathu, akangodya n'kukhuta, mumawaona bambowo akuyamba kusuzumira kumeneko. Ndiye ndaganiza kuti nkhaniyi ndiifotokoze ndekha iwo asanakuonetseni, chifukwa tepi imangoonetsa zimene ndinachita, sinena chifukwa chake. Ndipo chifukwa chinalipo, musandiyang'ane choncho.

Nthawi imeneyo n'kuti tikukhala ku Dudley, kuno kwa Angerezi, ine ndikugwira unesi pachipatala, bambo a Tadala akulawirira ku weyahausi ku Coventry. Tadala, mtsikana, mwana wathu mmodzi yekhayo, anabwera kuno ali wamng'ono, akuyankhula Chichewa chokoma cha ku Dedza chimene agogo ake anamuyamwitsa. Pofika zaka khumi ndi ziwiri, Chichewa chonse chija chinali chitauma pakamwa. Kumva ankamva zonse, ngakhale miseche imene ndinkanong'oneza bambo ake kukhitchini. Koma kuyankha, Chingerezi chokhachokha, chija cha ku Dudley chotulukira m'mphuno. Ine, "Tadala, wadya?" Iye, "Yes, Mum." Ine, "Wadya chiyani?" Iye, "Food."

Chimene chinkandipweteka kwambiri ndi Lamlungu. Tinkagula khadi loimbira kumudzi pashopu ya pakona, amayi anga n'kuyenda ulendo wawo wonse kukadikira foni kunyumba kwa aphunzitsi, atavala zakutchalitchi ngati kuti mdzukulu wawo awaona. Ndikamupatsa foni mwana, amangoti "Hello, Granny," n'kumwetulira foniyo, n'kundibwezera. Tsiku lina amayi anandifunsa mofatsa kuti, "Kodi mwanayo amadwala pakhosi?" Ndinaseka pafonipo, koma nditaika foni ndinakalira kubafa.

Musaganize kuti ndinangokhala. Ine ndikafuna chinthu ndimachifuna, afunseni a pa wodi. Ndinayesa kukalipa, ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kunamizira kuti Chingerezi sindikuchimva, ine nesi amene ndimachiyankhula tsiku lonse. Mpaka ndinakhazikitsa lamulo lakuti Lamlungu m'nyumba muno ndi Chichewa chokha. Mwana uja anamvera lamulolo bwinobwino. Lamlungu lonse anakhala chete, akuloza ndi chala chilichonse chimene akufuna.

Tsono pa wodi ndinali ndi mnzanga, Maite. Ine poyamba ndinkati ndi wa ku Spain, iye n'kumandikonza nkhope itaumiratu, "Ndine Mbasiki." Abasikiwa ndi anthu a kumapiri a m'malire a Spain ndi France, ali ndi chiyankhulo chawochawo chosafanana ndi cha wina aliyense, ndipo amachikonda ngati mmene ena amakondera mwana wobadwa pa ukalamba. Mwana wa Maite, Ane, anali mnzake wa Tadala wa ponda apa n'pondepo. Mabanja a Abasiki m'dera lathu lino anali ochepa, ena ku Birmingham, ena ku Coventry, koma holide yaitali ya Ogasiti ikafika ankasonkhana n'kuchita lendi holo ya masikauti ndi bwalo lake kumidzi ya kuseri kwa Dudley. Ana ankagona m'matenti kwa sabata, kuphunzira chiyankhulo chawo, nyimbo, magule ndi masewero a makolo awo. Ankangoti kampu.

Tadala atapempha kuti apite ndi Ane, ndinavomera msangamsanga. Holide ya ana kuno ndi mutu waukulu kwa mayi amene ali pa mashifiti, ndiye ndinati apite akapumeko mpweya, nanenso ndipume.

Pakati pa sabata Tadala anandiimbira pa foni ya Maite. Mawu ake akuwala, akundiuza kuti amukonda, kuti waphunzira kuwerenga manambala m'Chibasiki, n'kundiwerengera. Kenako anandiimbira nyimbo yathunthu, ndime zonse, m'chiyankhulo chimene masiku apitawo sankadziwa n'komwe kuti chilipo padziko. Ine ndili kuchipinda chopumulira manesi, tiyi akuzizira m'kapu. Mwana amene lilime limamulemera akafuna kunena "zikomo agogo" akupinda lilime lomwelo m'Chibasiki mosavuta chonchi? Ndinachita nsanje, ndinene zoona, nsanje yeniyeni yotentha pachifuwa. Atamaliza anandiuza kuti Loweruka ndi tsiku la makolo, tidzabwere, ndipo iye adzavina.

Ndinati chabwino. Loweruka limenelo mwanayu adzaona kuti nafenso sitinagwe kumwamba, tili ndi kwathu, tili ndi chikhalidwe chathu, ndipo adzachionera pomwepo pamaso pa anzakewo. Ndinakazinga mandasi odzaza chidebe. Ndinavala chilundu changa chimene ndimasungira maukwati, duku kumutu. M'chikwama ndinaikamo chitenje china chatsopano, chowala chikasu, ndi kathumba ka makoini amene ndinkasungira kulipirira basi.

Bambo a Tadala atandiona ndikutuluka kuchipinda anati, "Mayi a Tadala, tikukaonereratu, sitikupita kuchinkhoswe."

Ine ndinati, "Inu gwirani kamera yanuyo, zina mundisiyire."

Tsikulo linayamba bwino, n'chimene chinandipusitsa. Mandasi anatha ndisanakhale n'komwe pansi. Pabwalo panali masewero, ana akukokana chingwe, azibambo awiri akupikisana kudula zipika ndi nkhwangwa. Gulu lina litapambana pa chingwe, mayi wina amene anali pafupi nane anapendeketsa mutu n'kutulutsa mfuu yaitali, yonjenjemera, yokwera mpaka kumwamba n'kuthera ngati kuseka. Ndinachita kutembenuka. Imeneyi si nthungululu imeneyi? Ndinati anthu awa ndi abale athu, anangosochera. Ndinaika dzanja pakamwa n'kuyankha ndi yathu, yochokera pansi pa mimba. Anthu onse anatembenuka, anawomba m'manja, mayi uja anadzandikumbatira. Tadala anali patali ndi anzake, ndinamuona akuyang'ana kumbali, koma ndinadziuza kuti akubisa kunyada. Mutu wanga unakula pomwepo.

Masana mvula ya kuno ija inayamba, tonse tinathamangira mu holo. Mipando anaiika mozungulira, pakati n'kusiya bwalo, pansi pa matabwa osalala opakidwa polishi. Maite anabwera kwa ine akupukuta manja, akuti, "Gule amene akubwerayu ndi wapadera, ndikufotokozere pang'ono mmene timachitira."

Ine ndinamugwira paphewa. "Maite, ine ndinakulira m'bwalo la chimtali. Gule sandifotokozera."

Anatsegula pakamwa kuti anene zina, koma wina anamuitana, n'kupita.

Zimene ankafuna kundiuza, zimene ndinadzazimva mochedwa, ndi izi. Guleyo amamutcha aurresku, ndipo ndi gule wa ulemu. Amavinira munthu mmodzi amene akumulemekeza, munthuyo amaima chilili kutsogolo, ena onse amakhala chete, kuwomba m'manja kumabwera pamapeto. Tsiku limenelo ankalemekeza gogo wina wa ku Birmingham amene anabwera kuno pa sitima ali kamwana, akuthawa nkhondo kwawo, ndipo sanabwererenso. Aphunzitsi a gule anasankha atsikana awiri amene analimbikira kuposa onse, Ane ndi Tadala. Mwana wanga ankadzuka anzake ali mtulo kukayeserera kuseri kwa matenti. Zonsezi ine sindikuzidziwa, ndangokhala pampando wakutsogolo, chikwama pamiyendo.

Gogo uja anaimirira kutsogolo ndi ndodo yake. Ine n'kumadabwa kuti anthu onsewa palibe woti angamupatse mpando? Bambo wina anayamba kuimba kachitoliro ndi dzanja limodzi, dzanja linalo akuomba kang'oma. Kenako atsikana anatulukira, zovala zoyera mbee, lamba wofiira m'chiuno, nsapato zansalu, aliyense kachipewa kakuda m'manja. Tadala wanga ataima nji, khosi lili tolotolo. Mtima wanga unadzaza.

Anayamba kuvina. Gule wake ndi wa miyendo yokha, kudumpha, kupotoloza phazi m'mwamba, kuponda ndi zala. Kuyambira m'chiuno kupita kumtunda thupi limakhala louma ngati mtengo, nkhope osaseka. Ndinayang'ana anthu. Zii. Palibe woomba m'manja, palibe wolowa m'bwalo, mayi wa mfuu uja wapinda manja pachifuwa. Panja paja pa chingwe ankakuwa onse, ndiye mwana wanga akuvina akhala chete chifukwa chiyani? Inu mukanaganiza chiyani? Mwana wakuda anali yekhayo mu holo monse. Ndinati ohoo, ndi zimenezi. Adya mandasi a amayi ake, koma kumusangalalira ayi. Ndipo nkhope yaumayo ndinaiwerenga kuti mwana wanga wakhumudwa, akudzifunsa kuti kodi ndilibe mwini.

Ndinati mwana wanga sangavine ngati wamasiye ine ndili moyo.

Bambo a Tadala anandigwira chilundu ndi dzanja limodzi, linalo lili pa kamera. Pa tepi mumamva mawu awo akuti, "Mayi a Tadala, taonani kaye anzanu akutani." Kenako mumaona ine ndikudutsa kutsogolo kwa kamera.

Ndinayamba ndi nthungululu. Mu holo ya matabwa inamveka kuwirikiza kawiri ya panja ija. Bambo wa chitoliro anadzidzimuka, nyimbo inapita pambali pang'ono, n'kubwerera. Atsikana sanasiye. Ndinaona maso a Tadala akukula, koma miyendo ikupitirizabe, ndiye ndinati ehe, walimba mtima tsopano, waona kuti mwini wake wafika.

Ndinalowa m'bwalo ndikuvina pang'onopang'ono, mapewa akugwedera, n'kutsegula kathumba kaja kuti ndifupe. Apa mpamene dziko lino linandigwetsa. Kwathu pofupa timaponya ndalama zamapepala, zimagwa mwaulemu n'kukhala pomwe zagwera. Kuno ngakhale ndalama yapepala yaing'ono ndi yamphamvu, yoti munthu sungamangoiponya pansi, ndiye ine ndinali ndi makoini. Ndinatapa dzanja lodzaza n'kuwaza kumapazi kwa atsikana. Phokoso lake ngati wagwetsa thireyi ya masupuni. Makoini anagubuduka holo yonse, ena kulowa pansi pa mipando, ina inazungulirazungulira n'kukagona pa nsapato ya gogo uja. Ane anaponda ina, phazi linatsetsereka, anapalasa m'mwamba ndi manja, koma anadzigwira. Tiana tating'ono timene tinakhala pansi kutsogolo tinayamba kukwawa kutola.

Munthu wanzeru akanaima pamenepo. Ndinaona nkhope za anthu, ndinamuona Maite atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Koma ine ndinawerenga kuti achita chidwi, sanaonepo mayi wokonda mwana wake chotere. Ndipo panali chinthu chimodzi chimene chinkandivutabe, chiuno cha mwana wanga. Mwana wa ku Dedza angavine chiuno chili chete ngati anachiiwala kunyumba? Ndinati vuto ndi lakuti alibe chomangira.

Ndinasolola chitenje chachikasu chija, n'kuchikutumula. Ndinadikira pamene nyimbo inatsika pang'ono, Tadala ataima mapazi pamodzi, n'kumuzungulira kumbuyo. Manja a nesi ndi achangu, ndinamukulunga n'kumanga mfundo asanadziwe chimene chikuchitika. Koma m'changu chija sindinachipinde kuti chikhale cha m'chiuno chokha. Chinatsika chonse mpaka mu akakolo, chothina bwino, mmene timavalira popita kumaliro.

Ine sindinkadziwa kuti pamene nyimbo yatsikapo mpamene ovina akukonzekera chimake cha gule yense. Amaponya mwendo m'mwamba, wowongoka, mpaka phazi lifike pa mphumi. Ndi chimene mwana wanga ankadzukira m'mamawa sabata yonse.

Ane anaponya mwendo wake, unakwera bwinobwino. Tadala naye, poti ndi mwana wanga ndipo akayamba chinthu sasiya, anaponya wake ndi mphamvu zonse. Mwendo unakumana ndi chitenje. Mwendo winawo unanyamuka nawo. Mwana anakhala pansi ndi matako, phii, nsapato imodzi inauluka n'kukagwera patebulo la makapu, kachipewa kanagubuduka kutsatira makoini aja. Chitoliro chinalira kamodzi ngati mwanapiye n'kusiya.

Mu holo munangoti zii, kupatula koini imodzi imene inali ikuzungulirabe penapake pansi pa mpando. Ine ndili chiimire pakati pa bwalo, manja ali m'mwamba, phewa limodzi likadagwederabe lokha.

Tadala anadzuka yekha. Anamasula mfundo ija modekha, anapinda chitenje kawiri, n'kubwera pafupi nane. Misozi inali italengeza m'maso koma sinagwe. Anandipatsa chitenjecho ndi manja awiri, n'kunena motsitsa mawu, kuti ena onse asamve chimene akundiuza:

"Amayi, chonde, khalani pansi. Mukundichititsa manyazi."

M'Chichewa. Chiganizo chathunthu, ziwiri ndithu, ndi ulemu wake womwe, mawu ake a ku Dedza aja ali momwemo ngati sanachokepo.

Ndinabwerera kumpando wanga. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire, nkhope yonse ikuyaka, ndikulakalaka matabwa aja atatseguka. Koma pansi pa manyaziwo china chake chinkadumphadumpha. Bambo a Tadala anaweramira kwa ine, kamera ikugwedera chifukwa cha kuseka kobisa, n'kunong'ona kuti, "Mwamva? Wayankhulatu." Ndinamva nthungululu ikukwera pakhosi payokha. Ndinaluma nsonga ya duku mpaka inabwerera.

Anasesa makoini, anamubwezera Tadala nsapato, gule anayambiranso. Ulendo uno ndinakhalira manja anga onse awiri. Mwana wanga anavina mpaka kumapeto, mwendo unakwera mpaka pa mphumi, kenako iye ndi Ane anawerama n'kupereka tizipewa tawo kwa gogo uja. Apo mpamene holo yonse inaphulika, kuwomba m'manja, mfuu zija, ena akupukuta misozi. Anthu amene ndinkawaganizira zoipa aja anaimirira kumuombera m'manja mwana wanga. Ine ndinaomba nawo pang'onopang'ono ngati mlendo wa ku tchalitchi china.

Maite atandifotokozera zonse, ndinapita kwa gogo uja kukapepesa, ndinagwada ndithu pa matabwa paja. Iye anali atakhala tsopano, tizipewa tiwiri pamiyendo, akuseka mpaka ndodo ikugwedera. Anandifunsa kuti mwanayo anandiuza chiyani. Ndinamumasulira. Anafunsanso kuti, "M'chiyankhulo chanu?" Ndinati inde. Anasiya kuseka, n'kuyang'ana tizipewa tija. Anati, "Anga amandikalipira m'Chingerezi." Ndinangomugwira dzanja.

M'galimoto pobwerera, Tadala anakhala kumbuyo atayang'ana pawindo mpaka ku Dudley. Nditayesa kunena kuti pepa mwanawe, anangokweza phewa. Usiku sanadye nafe. Ndinadziwa kuti ndamulakwira kwambiri, chinthu chimene anachivutikira ndinachisandutsa choseketsa, ndipo ndinkaopa kuti Chichewa chija chinatuluka kamodzi kokha n'kutseka chitseko.

M'mawa mwake linali Lamlungu. Titabwera kutchalitchi ndinakanda khadi, ndinaimba kwa aphunzitsi, amayi anga anali atafika kale. Tisanamalize n'komwe malonje, ndinangoona dzanja likutambasuka pambali panga. Tadala akufuna foni. Ndinamupatsa ndikuyembekezera "Hello, Granny."

"Agogo," anatero, "mukudziwa zimene apanga ana anu dzulo?"

Anandinenera. Anayambira pa mandasi mpaka pa nsapato ya patebulo, Chichewa chake chikupunthwa, pena akusowa mawu n'kuponyamo Chingerezi, pena akutembenukira kwa bambo ake kufunsa kuti chakuti timati chiyani, iwo n'kumamuthandiza mokondwa, anthu osakhulupirika. Kuchokera pamene ndinaima ndinkamva amayi anga akuseka ku Dedza, kuseka kotsokomola nako. Ine amene ndinkanenedwayo ndinangotsamira chitseko cha kukhitchini misozi ikutsika, osafuna kuti asiye. Anayankhula mpaka khadi linatsala pang'ono kutha, ndipo pamene anandibwezera foni, amayi anangokwanitsa kunena kuti, "Iwe, gule wa eni ake umalowa bwanji osafunsa? Ndinakulera choncho ine?" Foni n'kuduka.

Ndiye ndinalumbira, ndipo ndikulumbiranso pamaso panu, kuti ine kulowa m'bwalo la gule amene sindikumudziwa, kaya ndi wa Abasiki kaya ndi wa ndani, ndinasiya. Ndimakhala pampando, manja pansi pa ntchafu, mpaka eni ake ayambe okha kuwomba m'manja. Koma chitenje chachikasu chija sindinachichotse m'chikwama. Chichewa chikayamba kuchepanso m'nyumba, ndimadikira tsiku la zochitika kusukulu kwawo, ndikhale kutsogolo pamene angandione, n'kungogwira zipi ya chikwama. Ndipo mwana wanga, ali pakati pa anzake, amanditembenukira n'kunena momveka bwino, m'Chichewa chosapunthwa ngakhale pang'ono, "Amayi, musayerekeze."